Ndinayamba ndi Ulendo wa ku Chipoka

Linali Lachitatu, sabata yachiwiri ya Sepitembala, chaka chotsatana ndi chija tinavotera zipani zambiri. Nthawi inali seveni koloko m'mawa. Ndikudziwa chifukwa bambo wina amene anakhala pafupi nane pamchenga anali ndi kawailesi, ndipo nkhani zinali zitangoyamba. Nthawi imeneyo ndiyo sitima inatulukira cha kumpoto, yoyera ngati nyumba yopaka laimu, anthu onse padoko la Nkhotakota n'kuyamba kusenza katundu wawo. Ine ndinatsala chikhalire, mwana ali pamiyendo.

Ndinachokera kwathu ku Dwambazi dzulo lake. Ndinayenda pansi mpaka pamsewu, n'kukwera matola kukafika pa Dwangwa, kenako lole yopita ku boma. M'lolemo amuna ankakangana za ndale mokweza mawu, zimene kale sakanayerekeza, wina atavala sikipa ya chipani ichi, wina ya chipani icho, koma akudya mzimbe umodzi. Ine ndinangoyang'ana pansi njira yonse. Mtunda wonsewo ndinauyenda kuti ndikakwere sitima kwa maola ochepa chabe, ndikatsikire pa Chipoka. Basi yopita komweko inalipo, ndipo inatipitirira tili pa Liwaladzi. Sitima inkayembekezeka madzulo, koma inachedwa monga ankanenera anthu kuti ndi khalidwe lake, choncho tinagona pakhonde la sitolo ndi amayi ena ogulitsa usipa.

Bambo a mwana wanga anali ku Likoma, kumene anapeza ntchito yomanga nyumba. Anachoka mwanayo asanayambe kukwawa, ndipo tsopano mwanayo anali akuthamanga, kuyamwa atasiya. Uthenga unabwera woti ntchito ipitirira chaka china, ndiye mwana apite akakhale ndi bambo ake. Nkhaniyi inakambidwa pakhonde la apongozi, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa. Alamu anga, mlongo wa amuna anga, anati:

"Inu alamu musadzivutitse. Mwana ndikamusiya ndine, inu muzilondera kumunda. Tisakachite manyazi m'sitima muli anthu."

Apongozi anavomera. Anagwirizana zoti alamu adzanyamuka ndi mwana kumapeto kwa sabata yomwe ndikunenayi, sitima ikamabwerera kumpoto. Za tsiku limene mwanayo adzabwerenso kwa ine, palibe amene anatchula.

Sindinganene kuti alamu ankandinamizira. Ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja, bambo anga anali msodzi, koma ndinali ndisanakhalepo pamwamba pa madzi. Kwathu mkazi salumpha ukonde. Amati akatero nsomba zimauthawa, mwini wake n'kumabwerako chimanjamanja mpaka atautsuka ndi mankhwala. Poti bwato lililonse pamudzi pathu limakhala ndi ukonde, atsikana tinkawazungulira patali mabwatowo. Kutunga, kuchapa ndi kusamba tinkachitira pamene madzi amalekeza m'mawondo. Chaka china madzi atawononga mlatho wa pa kamtsinje kena, anthu ankawoloka pa bwato la aganyu. Ine ndi alamu tinkapita kumaliro tsidya linalo. Nditaona bwato likupendama, ndinakhala pansi pagombe n'kuyamba kulira, mpaka ndinabwerera ndekha kunyumba. Nkhani imeneyi inafika m'nyumba zonse.

Pakhonde paja ndinangopitiriza kusenda chinangwa. Ine ndine munthu wamanyazi kuyambira kale. Kusukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo zaka zonsezo sindikumbuka kuti ndinakwezapo dzanja. Koma kwa masiku angapo ndinkati ndikamamusambitsa mwanayo, ndinkaganiza za azakhali ake akumusambitsa ndi madzi ozizira poti sadziwa kuti amachita chifuwa msanga. Ndikanati ndipita nawo ku Likoma, akanandiseka, ndipo mwina akananena zoona. Ngakhale ineyo sindinkadziwa ngati ndingathe. Ndinafuna ndidziyese kaye kumene kulibe wondidziwa, pa ulendo woti zikavuta, dzuwa lomwelo ndipondenso pansi. Ndinagulitsa mpunga wa m'dimba langa, ndipo kunyumba ndinanena kuti ndikukaonetsa mwana kwa amayi anga aang'ono ku Chipoka asananyamuke. Zimenezo zinali zoona. Za sitima zokha ndizo sindinatchule.

Ku Nkhotakota sitima sifika kumtunda. Imaima patali, n'kutsitsa maboti ake awiri kudzatenga anthu. Ndinaona mmene zinkachitikira: boti likamayandikira, anthu ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno, matumba ali pamutu, kukankhana, ena kukwezerana ana ngati maungu. Ndinabereka mwana kumsana, n'kumanga chitenje china pamwamba, ndipo ndinafika pamene madzi amanyambita mapazi. Boti linadzaza ndili chiimire. Linabweranso, linadzazanso. Ulendo uliwonse ndinkadziuza kuti lotsatira ndi langa.

Pafupi nane panaima bambo ndi mayi achikulire ndithu, ovala ngati akupita kutchalitchi. Bamboyo anali atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato atazikoleka pakhosi. Mayiyo anandipatsa moni n'kundiuza kuti achokera ku Mchinji, ndipo nyanja aiona dzulo lomwelo. Iwonso kukankhana kunawakanika. Anandifunsa ngati pali njira ina yokwerera, poti ine ndimaoneka wakuno. Ndinachita manyazi kunena kuti inenso ndine mlendo pamadzi. Ndinangopukusa mutu.

Sitima inaliza lipenga. Boti lomaliza linachoka litadzaza mpaka m'milomo, ndipo woyendetsa anakuwa kuti otsala adzionere okha. Tinatsala anthu owerengeka. Apo panafika boti lamatabwa la asodzi, la injini, limene linkachokera kokoka usipa. Munali mnyamata wa msinkhu wanga wogwira injini ndi mkulu wina wa ndevu zoyera, wovala kofiya. Mnyamatayo anati atiperekeza tonse tikamupatsa ya mafuta. Anthu anathamangira. Inenso ndinalowa m'madzi, kudutsa m'mawondo muja ndinkalekezera moyo wanga wonse, mpaka madzi anandifika m'ntchafu. Mwana anayamba kuseka kumsana, akumenya madzi ndi timapazi.

Nditagwira m'mphepete mwa boti, ndinaona ukonde. Unali chilimira, wonyowa, utaunjikidwa mbali yonse imene tinkakwerera, tiusipa tina tikuwala m'kati mwake. Kuti munthu akafike pa thabwa lokhalira anayenera kuulumpha. Amuna analumpha. Mayi a ku Mchinji aja, atakwezedwa ndi amuna awo, analumphanso osadziwa kanthu, mwendo umodzi mpaka kupondapo. Ndinaona mkulu wa kofiya akuyang'ana kumbali.

Ine ndinaima pomwepo. Madzi ndinali nditawaiwala. Ndinkangoona ukonde wa mwini, umene ana ake amadyerapo. Bambo anga akabwerako opanda kanthu, kunyumba kunkakhala zii, amayi n'kumatipatsa chigwada masiku otsatizana. Sindikanatha kuchitira munthu zimenezo. Koma mbali ina ya boti kunali kwakuya, ndipo m'madzi ndinatsala ndekha.

"Sisi, kwerani! Sitima siidikira munthu ngati chibwenzi," anatero mnyamata wa injini uja.

Anthu anaseka. Wina anati mwina ndaiwala mwamuna kumtunda. Bambo a ku Mchinji anatambasula dzanja kuti andikoke, ine n'kubweza langa. Onse ankaganiza kuti ndi mantha, ndipo ndinadziwa kuti ndikangokhala chete boti lichoka, ndibwerera ku Dwambazi ndi chitenje chonyowa, Loweruka ndidzaimanso pamchenga womwewu kutsanzika mwana wanga. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza.

"Achimwene, chonde kokerani ukondewo kutsogolo. Ine ndine mwana wa msodzi, sindingaulumphe."

Mnyamatayo anagwira pamutu. "Aa, sisi, zimenezo zinatha pamodzi ndi makadi a chipani. Masiku ano aliyense amalumpha pamene akufuna."

"Makadi anatha, koma usipa sunavote nawo," anayankha mkulu wa kofiya. "Iwe, zimitsa injiniyo. Gwira uku."

Anakoka ukondewo awiriwo, wolemera ndi madzi, mpaka panaoneka thabwa. Mkuluyo anati bisimila, n'kundigwira pamkono, ndipo ndinapezeka ndili m'boti. Anandikhazika pafupi naye n'kundifunsa kwathu. Nditatchula Dwambazi anagwedeza mutu, nati kumeneko adakali ndi anthu. Mayi a ku Mchinji atamva chimene chachitika anagwira pakamwa n'kuyamba kupepesa, koma mkuluyo anawauza kuti mlendo alibe mlandu, ukonde umadziwa mwendo wa mwini dziko. Pofika pa sitima, ndalama yanga anaikana. Mnyamata uja anadandaula chapansipansi, koma ndiye amene anandigwirira makwerero.

Za makwerero amenewo sindikumbuka zambiri. Anali achitsulo, oterera, ndipo boti linkakwera ndi kutsika pansi panga. Ndinkangomva mpweya wa mwana pakhosi. Pamwamba munthu wa yunifolomu anandikoka dzanja n'kundiuza kuti ndisunthe, ena akubwera.

Chipinda chapansi chinali chodzaza ndi matumba a makaka, madengu a usipa, nkhuku zomanga miyendo, ndi anthu ogona paliponse poti ena anachokera kutali kumpoto. Fungo la dizilo linasakanikirana ndi la nsomba. Tinapeza malo pafupi ndi chitsulo cha m'mbali, ine ndi anthu a ku Mchinji aja. Injini itayamba kugunda, pansi ponse panayamba kunjenjemera mpaka m'mano. Ndinatseka maso, dzanja limodzi pachitsulo, lina kumsana. Ndinadikira kulira kuja kwa pa kamtsinje. Ndinadikira ndithu. Chimene chinabwera ndi mwana kundikoka khutu, akufuna atsike aone nkhuku.

Nditatsegula maso, mitengo ya pa doko inali itachepa kale. Mwera unali utatha mphamvu mwezi umenewo, komabe sitima inkapendama pang'onopang'ono, uku ndi uku. Ndinapeza kuti ndikamasula mawondo, ngati mmene timachitira posenza ndowa yodzaza, thupi limatsata lokha. Amene zinawavuta ndi mayi a ku Mchinji. Nkhope inasintha, thukuta lili kamukamu, ndipo posakhalitsa anaweramira kunja kwa chitsulo. Amuna awo anasowa chochita, ankangowapepesa ngati awaponda. Ine ndinali ndi mandimu m'kachikwama, amene ndinatengera ineyo pokumbukira mmene ankandithandizira ndili woyembekezera. Ndinadula limodzi n'kuwapatsa kuti azinunkhiza ndi kuliyamwa pang'ono. Ndinawamasula mpango n'kuunyowetsa, ndipo ndinawauza kuti asayang'ane madzi apafupi, ayang'ane mapiri. Kumene ndinazitenga zimenezo sindikudziwa. Mwina ndinamva bambo akulangiza alovi atsopano, anyamata owathandiza kukoka ukonde, ine ndikutsuka mbale chapatali.

Atapezako bwino, anandigwira dzanja n'kuuza amuna awo kuti Mulungu wawapatsa mwana wodziwa nyanja. Apo sindinathenso kubisa. Ndinawauza kuti aka n'koyamba, ndipo ndinafotokoza zonse, za alamu, za Likoma, za Loweruka. Sindinali nditalankhulapo mawu ambiri choncho kwa munthu wachilendo. Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola, nati ndiye kuti akhungu awiri takhala tikutsogolerana kuyambira pamchenga.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa nawonso chimene chinawachotsa ku Mchinji, masiku awiri a m'mabasi, kudzakwera sitima theka la tsiku. Bamboyo anati chaka chimenecho fodya anagulitsa bwinoko, ndipo atafunsa akazi awo chimene akufuna, ankayembekeza kumva za malata kapena makina osokera. Koma iwo anati akufuna aone nyanja ali pakati pake. Ana awo onse anaiphunzira kusukulu, eni ake ankangoimva pa wailesi akamachenjeza za mwera. Ulendo wa sabata yathunthu sakanautha. Nazale ya fodya anali atangofesa, ndipo anasiyira mphwawo kuti azithirira, munthu woti akamva ng'oma ya mowa amaiwala ndi dzina lake lomwe. Ng'ombe nazo zinali m'manja mwa eni.

"Komanso mwanawe, polawa ndiwo sumaliza mphika," anawonjeza mayiyo. "Taona mmene zandichitira. Akanakhala masiku atatu bwenzi mukundikwirira pachilumba."

Bamboyo anati sanayambire ku Chipoka, kumene ndi kufupi ndi kwawo, chifukwa mnzawo wina anawauza kuti kumeneko umangoyenda pa simenti n'kulowa m'sitima ngati m'basi. Iwo ankafuna zonse, kunyowa komwe, kuti akakhale ndi chokamba. Akazi awo anawayang'ana n'kunena kuti kunyowako ankakufuna ndi amuna awowo okha.

Tsiku limenelo ndinaona kuti sitinali tokha. Panali mnyamata ndi mtsikana amene anangokwatirana kumene ku Ntchisi, atakhala pa thumba limodzi, osalankhulana, akungomwetulira madzi. Pamwamba, kumene ife sitinkaloledwa, kunali azungu ofiira ndi dzuwa, amene anthu ankati awoloka nyanja zikuluzikulu pa ndege kudzakwera sitima yomweyi, ndipo nawonso atsikira pa Chipoka. Amayi ogulitsa usipa ankatiseka tonse. Kwa iwo sitima inali ngati ngolo, anagona asananyamuke n'komwe.

Dzuwa lili pamutu ndinamasula mwana, n'kumudyetsa mpunga wa m'kambale kathu. Kenako ndinamunyamula n'kuima naye pachitsulo. Aka kanali koyamba kuona dziko lathu ndili kunja kwake. Midzi inkaoneka ngati timiyala m'munsi mwa mitengo ya mango, utsi wa m'minda ukukwera mowongoka, kumbuyo kwake mapiri obiriwira modera. Chakum'mawa kunali nkhungu, tizilombo touluka tija, zitaima pamadzi ngati utsi wa lupsa. Kwathu nkhungu tinkazidziwa zikafika kumtunda, tikamazikola ndi malichero. Sindinkadziwa kuti zimachita kutuluka m'madzi, mizati italiitali. Madzi enieniwo anali akuda bii, osati obiriwira ngati a kugombe. Tinadutsa bwato la munthu mmodzi, kutali kwambiri ndi mtunda, akupalasa mosafulumira, ndipo anatikwezera nkhafi. Ndinaganiza za bambo anga, kuti kodi kumeneku ndiye kunali kuntchito kwawo masiku onse aja ife tinkangoti apita kunyanja. Ndinakweza dzanja la mwana kuti abayibitse.

Chizungulire chinandipeza kamodzi, titayandikira zilumba zina kumene mafunde anakulako. Ndinakhala pansi, ndinayamwa ndimu langa, chinapita. Palibe amene anaona.

Tinafika pa Chipoka dzuwa likadali pamwamba. Kumeneko sitima imagunda kumtunda, ndipo tinatsika ndi miyendo yathu. Pansi pankachita ngati pakuyenda. Anthu a ku Mchinji anapita kukafuna basi ya ku Salima. Potsanzikana, mayiyo anapatsa mwana mtedza wa kwawo m'kapepala, ndipo ine anandiuza kuti ndikawapatse moni alamu angawo. Sitinaonanenso.

Amayi aang'ono anandipeza ndili kale pakhomo, iwo akuchokera kumsika. Anandifunsa kuti basi yafika nthawi yanji poti sanaione. Nditawauza kuti ndabwera pa sitima, anaika dengu pansi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anagwira chitenje changa, chimene chinali chitauma koma chili ndi mzere wa madzi m'ntchafu. Anaitana anzawo oyandikana nawo nyumba kuti adzaone mwana wa akulu awo, uja analira pa kamtsinje. Ndiye kuti nkhani ija inafika ndi ku Chipoka komwe. Ndinachita manyazi, koma sindinathawire m'nyumba. Ndinakhala pamphasa n'kuyankha mafunso awo onse.

M'mawa mwake ndinayenera kukwera basi yobwerera kwathu. Ndinadzuka, ndinabereka mwana, n'kupita kudoko. Pawindo logulitsira matikiti panali mzere wa amuna okhaokha, ndipo ndinaima nawo. Itafika nthawi yanga ndinafunsa ndekha tsiku limene sitima idzadutse popita kumpoto. Anati mawa lake, ikasunga nthawi. Ndinamasula mfundo ya pachitenje n'kugula tikiti ya ku Likoma. Kuchoka apo ndinapita pamsewu, kumene ndinapeza mayi wina wa ku Dwambazi wogulitsa mphasa akudikira basi. Ndinamutuma kwa apongozi ndi kwa alamu. Ndinati akawauze kuti mwana akupita kwa bambo ake ndi mayi ake. Alamu ngati akufunabe ulendowu, Loweruka akatipeze m'sitima ku boma, ndiwasungira malo pafupi ndi chitsulo, ndipo asaiwale majuzi a mwana amene ali m'sutikesi. Mayiyo anandiuza kuti ndibwereze kuti asaphonye mawu, ndipo ndinabwereza. Basi itanyamuka ndinabwerera kwa amayi aang'ono, ndinapempha sopo ndi beseni, n'kuyamba kuchapa zovala za paulendo.